Mimba Yodza Njira Zitatsekedwa

M'midzi ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje muli amai amene anakatseketsa ku cipatala kuti asabalenso. Eklezia sabvomereza mcitidwe umenewu, monga anaphunzitsa Papa Paulo VI m'kalata yake Humanae Vitae m'caka ca 1968. Koma Eklezia ndiye mai, ndipo mai sataya mwana wake pa tsiku la tsoka.

Akristu adziwe tsono kuti kutsekako sikugwira mwa onse ai. Dokotala amamanga kapena kudula njira ziwiri zimene dzira limadzeramo popita m'ciberekero, koma nthawi zina nsonga zodulidwazo zimalumikizananso. Madokotala a ku America, atatsatira amai oposa 10,000, analengeza m'caka ca 1996 kuti mwa amai 1,000 otseketsa, ngati 18 anaimanso zisanathe zaka 10. Cifukwa cace a pamudzi asanene kuti ndi ufiti, ndipo mwamuna asati mkazi wace anamnamiza.

Coopsa ndi ici: mwa mimba zitatu zotere, imodzi siifika m'ciberekero, imakhazikika m'njira mopapatiza muja. Njirayo ikaphulika, magazi amatayikira m'kati, ndipo mai angathe kufa tsiku lomwelo. Mai wotseketsa akaona kuti msambo wamdumpha, akamva ululu mbali imodzi pansi pa mcombo, akamataya magazi pang'onopang'ono kapena kucita cizungulire, athamangire ku Trinity ku Muona, ku Montfort ku Nchalo, kapena ku cipatala ca boma. Asadikire mawa, makamaka m'dzinja, pakuti Shire ndi Ruo akasefukira, monga mu 2015 ndi mu 2023, miseu imaduka. Eklezia saletsa kucotsa njira yodwalayo kuti mai apulumuke.

Wina amabisa zowawa zace poopa kuti mpingo udziwa zimene anacita. Makolo anati mbewa ya manyazi inafera ku una. Akatekisti ndi akulu a mpingo ayambe apeza galimoto kapena bwato. Za mtima wa maiyo zidzamveka kwa wansembe, pa Sakramenti la Kulapa.

Mimba ikakhala m'malo mwace, mwanayo alandiridwe ndi nthungululu, apatsidwe dzina, abatizidwe monga abale ace. Asamve konse pakukula kuti anadza mosafunika, pakuti Mulungu sanalengepo munthu mwangozi.