Khutuba ya Jumu'a: Dzina limene talisiya pamndandanda

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake Muhammad, akubanja lake ndi maswahaba ake onse.

Inu akapolo a Allah, muopeni Allah ndipo musamale chibale, pakuti ndime yoyamba ya Surat An-Nisaa yatchula ziwirizi pamodzi.

Ambiri mwa ife tikukonza zoti mtundu wonse udzakumane pa Eid ikudzayi, ndipo ndi chinthu chotamandika. Nkhondo imene idatha mu 1992 idamwaza mabanja athu. Ena adathawira ku Malawi nakhazikika komweko, ndipo lero ana athu ali ku Tete, ku Beira ndi ku Johannesburg, asuweni osadziwana nkhope. Tapangana tsiku, tawerengera mbuzi ndi mpunga. Koma pamndandanda wa oitanidwa pali dzina limene talisiya dala: mbale amene tidalandana naye munda wamasiye, kapena mlongo amene sitinampatse salaamu chiikireni maliro a mayi.

Kumbukirani Mneneri Yusuf, mtendere ukhale pa iye. Abale ake adamponya m'chitsime, koma atapatsidwa ulamuliro ku Iguputo adawakhululukira, nawatuma kukatenga banja lonse. Atasonkhana, iye adathokoza Allah pomtulutsa m'ndende, koma za chitsime sadatchule, kuti abale ake asagwe nkhope. Mtumiki wathu, Swalla Allahu alaihi wasallam, adaphunzitsa kuti wolumikiza chibale weniweni ndi amene amalumikiza pamene anzake amdula, osati wongobweza zabwino kwa omchitira zabwino. Adaletsanso Msilamu kunyanyala m'bale wake kupyola masiku atatu. Nanga ife tatha zaka zingati?

Tsono yambani ndi dzina limenelo. Pitani nokha, pamodzi ndi mwinimbumba kapena shehe, mukathetse mlanduwo tsiku lisanafike, kuti usadzabuke pamkeka wa chakudya. Chopereka chikhale monga mwa mphamvu ya munthu. Wamasiye wosowa ngakhale metikali imodzi mumtumizire ya ulendo mwachinsinsi. Musalowe m'ngongole ya katapira pofuna kutchuka, ndipo nthawi ya Swala ikakwana miphika idikire.

Abale anga, tikazengereza, adzatisonkhanitsa ndi maliro, pamene wofunika kumpepesa ali kale m'sanda.

E, Allah! Lunzanitsani mitima yathu, khululukirani makolo athu amoyo ndi akufa, ndipo mudzatisonkhanitse pamodzi ndi mabanja athu ku Jannah. Ameen.