Kupeta Mpunga ku Chama

M'boma la Chama, m'chigwa cha mtsinje wa Luangwa kumene mpunga umalimidwa kwambiri, mayi wopeta sataya mpunga chifukwa choti uli ndi mankhusu, koma amaugwedeza m'lichero pang'onopang'ono mpaka zopepukazo ziuluke ndi mphepo.

Kukhululuka, komwe ndi kuleka kumusungira munthu mlandu ngakhale cholakwacho chikukumbukikabe, kumafuna kuleza mtima kotereku, makamaka pakati pa Akhristu a mpingo umodzi, amene amakumana pamaliro, kumunda ndiponso pa Mgonero wa Ambuye. Pa Mateyu 5, Yesu akuphunzitsa kuti kuyanjana ndi m'bale kutsogole, chopereka chibwere pambuyo, ndipo amene wakumbukira za kusamvanako ndiye ayenera kunyamuka, osadikira kuti mnzakeyo ayambe wabwera.