Mkokomo wa Mathithi a Bua

Munthu wochokera ku Nkhunga akatsata msewu wa M5 kulowera ku boma la Nkhotakota, amawoloka mtsinje wa Bua pa mlatho, kawirikawiri ali m'minibasi, maso ali pa foni. Ndi ochepa amene anakhotapo n'kulowa m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota, kumene mtsinje womwewo umagwa pamiyala ndi mkokomo. Kumeneko munthu sayenda yekha. Amatsogoleredwa ndi mlonda wonyamula mfuti, pakuti njovu zilimo: pafupifupi 500 zinabwera kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017, opha nyama mozemba atatsala pang'ono kutha zakale zija.

Pamathithi, ngakhale wolongolola amatseka pakamwa. Wolemba Salimo 42 anaudziwa mkokomo wotere. Anali kutali ndi Nyumba ya Mulungu, mtima uli wosweka, ndipo madzi ogwawo anawamva ngati mavuto omumiza. Komabe ndi pomwepo pamene anapemphera.

Mlendo wa ku Bua akakhala chete chomwecho, ali ndi chake choti asinkhesinkhe pamaso pa Mulungu. M'madzi amenewa mumadutsa mpasa. Chaka ndi chaka nsombayi imachoka kunyanja n'kukwera mtsinje, kulimbana ndi madzi othamanga, kuti ikaikire mazira pa timiyala. Lero ikuchepa. Ena amaitchera maukonde pamathiriro isanaikire, mazira akadali m'mimba. Ena saigwira n'komwe: amalima mpaka m'mphepete mwa mtsinje kumtunda, amadula mitengo n'kuwotcha makala, ndipo mvula ikagwa matope amatsika n'kukwirira timiyala tija. Bua amachokera kutali, cha ku Mchinji. Wodula mtengo kumeneko sadzaiona mpasa imene waipha, ngakhalenso mwana wa msodzi amene wagona ndi njala.

Mu 2015 Papa Francis, m'kalata ya Laudato Si', anakumbutsa Mpingo kuti kuwononga chilengedwe n'kuchimwira Mlengi, ndipo oyamba kumva ululu wake ndi osauka.

Mkhristu wa m'tauni anganene kuti iye alibe nkhwangwa, alibenso ukonde. N'zoona. Koma thumba la makala lili kuseri kwa khitchini yake, ndipo mpasa ya mazira ija ikafika pamsika wa Dwangwa, ndi iye yemwe amanenerera mtengo. Akagwada pamaso pa bambo mfumu mu sakramenti la kulapa, amatchula mkwiyo, miseche ndi kujomba ku Misa. Za mpasa sazitchula.