Matimati a agogo a eni

Alamu anga anadikira kuti nsima ithe kaye. Atasamba m'manja anandifunsa ngati n'zoona kuti Lamulungu lililonse m'mawa ndimakalima ku nyumba yosungirako okalamba achiyuda, komanso ngati n'zoona kuti sindilandirako kalikonse. Nditavomera anapukusa mutu. "Alamu, sukulu yonse ija mukathere pa ugadeniboyi waulere? Anyamata akumudzi ali mbwee m'misewu ya Joni muno kusaka ganyu yemweyo. Nanga dimba la mayi anu ku Dedza akuthirira ndani? Mako ndi mako, alamu." Mlongo wanga anawagwira mkono, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine yandikhala pamtima milungu itatu tsopano.

Ndineneretu kuti sindisiya kupitako. Za sukuluzo sizinandivute n'komwe, pakuti fizi yanga inachokera m'dimba, pa mbatata ya kachewere imene mayi ankagulitsa m'mbali mwa msewu. Khasu silingandichititse manyazi lero.

Za ganyu ndiye ndinaziganizira, chifukwa aliyense akudziwa kuti mabanja ambiri kwathu akudya ndalama za m'magadeni a Johannesburg. Ku nyumba ya okalambayo kuli anthu olembedwa ntchito ndipo amalipidwa. Mmodzi wa iwo kwawo ndi ku Mzimba. Kutchetcha kapinga, kudulira mitengo, kunyamula manyowa, zonsezo n'zawo, ndipo tsiku limene adzatipemphe ife odzipereka kuti tizigwira ntchito zimenezo kuti wina achotsedwe, ine ndidzakana. Chathu n'china. Pali mabedi okwezedwa kufika m'chiuno, opangidwa moti mpando wamatayala uzitha kuyandikira. Agogo ena aakazi, a zaka 91, amaokera mbande za matimati pamenepo. Manja awo amanjenjemera, ndiye ine ndimagwira kachitini, iwo n'kumazula mbande, kuboola dothi ndi chala, kutsindira. Mbande sikisi zimatitengera ola lathunthu, ntchito imene mnzanga wa ku Mzimba uja angaimalize madzi a tiyi asanawire. Ndikafulumira kuwathandiza amandimenya pamkono pang'ono. Akamaliza amatsina katsamba, kukapekesa m'zala, n'kukanunkhiza atatsinzina. Anandiuza kuti kwa zaka zoposa makumi anayi anali ndi dimba lawolawo kuseri kwa nyumba, ndipo chimene chinawapweteka posamukira kuno si kusiya mipando kapena mbale, koma kuti panalibenso chinthu chimene chingafote iwo akachiiwala.

Munthu wokalamba pamalo otere amasambitsidwa, amaphikiridwa, amapatsidwa mankhwala pa nthawi yake. Zonse amalandira. Pabedi la matimati paja m'pokhapo pamene iye ndiye wopatsa. Ntchito yotere sungailembere munthu waganyu, chifukwa phindu lake lili m'kuchedwa komweko.

Miyambo yawo yachiyuda ndinaiphunzira mopunthwa. Poyamba ndinapempha kuti ndizibwera Loweruka, popeza ndilo tsiku limene ndimakhala ndi mpata. Anandiyankha mwaulemu kuti kuyambira dzuwa likamalowa Lachisanu mpaka mdima utagwa Loweruka ndi Sabata, ndipo m'dimba simudzalidwa, simuthiriridwa, ngakhale duwa silithyoledwa. Kaya kutenthe bwanji, mbewu zimadikira. M'mwezi wa Sepitembala kapena Okutobala, pa chikondwerero chawo cha misasa chimene amachitcha Sukkot, amamanga msasa panja n'kufolera ndi nthambi zamasamba, mosiya mipata yoti nyenyezi zizioneka, ndipo amene angathe amakankhidwa pa mipando yawo kukadyera mmenemo. Koma chimene chinandikhudza kwambiri ndi mtengo wa mandimu. Bambo ena oyandikira zaka 90 anapempha kuti tiudzale pafupi ndi windo la chipinda chawo. Tikukwirira, anandifotokozera kuti lamulo la m'buku la Levitiko limaletsa kudya zipatso za zaka zitatu zoyamba za mtengo; iwo amati orlah. Anawerenga zakazo pa zala zawo, pang'onopang'ono, kenako anati ndiwonjezere manyowa. Onse awiri tinkadziwa zimene zala zija zinkanena. Ndinakumbukira mango a pabwinja la agogo anga, amene tinkakwera tili ana osafunsa kuti anadzala ndani.

Pamene ndinkayamba kulemba, ndinkaganiza kuti mtsutso wanga ndi alamu uli pa kulima. Tsopano ndikuona kuti uli pa nyumbayo. Ife timanyadira kuti sititaya makolo athu kwa alendo ngati azungu, ndipo inenso ndinkalowa pageti paja ndi mtima woweruza. Koma kunyada kumeneku kuli ndi mabala. Sitinaiwale za ku Neno mu 2016, kumene okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana. Ndipo m'midzi yathu muli agogo angati amene akulera zidzukulu okha, ana awo ali kuno?

Ayuda ambiri a mu mzinda uno makolo awo anachokera ku Lithuania, atamva za golide amene anapezeka mu 1886, golide yemweyo amene anadzakoka agogo athu pa Wenela. Mu 1888 anakhazikitsa Chevrah Kadisha, bungwe limene linayamba ngati la adzukulu, losambitsa ndi kuika maliro a anzawo ofera kuchilendo. Bungwe lomwelo lero limayendetsa nyumba za okalamba, monga Sandringham Gardens. Anayambira pa maliro, n'kufika posamala amoyo. Ife a ku Malawi pa maliro tinafikapo kale: wina akamwalira, uthenga umazungulira pa WhatsApp, timasonkha, thupi limapita kumudzi. Koma matchona amene akukalambira m'tizipinda ta lendi, mawondo atatha ndi magadeni a eni, opanda penshoni, oopa kubwerera kwawo chimanjamanja, sitinayambe n'kuwakamba komwe. Tikudikira kuti adzatipeze ngati chopereka cha bokosi.

Komabe zonsezi sizikuyankha funso lomaliza la alamu. Agogo a matimati aja ali ndi ana atatu: wina ku Sydney, wina ku Toronto, wina ku Israel. Amaimba foni, amalipira zonse, amabwera kamodzi pachaka. Tsiku lina ndinadzipeza ndikuwadzudzula mumtima: mayi wanu akunjenjemera chonchi, inu muli kutsidya kwa nyanja? Kachitini kali m'manja, ndinazindikira kuti ndikunena za ine ndemwe. Inenso ndimaimba foni, ndimatumiza ndalama mwezi ukatha, ndimapita pa Khirisimasi. Mayi anga ali ndi zaka 78 ndipo chitini chamadzi sachinyamulanso kuchokera padambo.

Mwina alamu akunena zoona kuti ndimapita kwa agogo a eni kuti ndipepuze mtima. Sindingakane zonse. Kuthirira matimati ku Johannesburg sikunyowetsa dothi la ku Dedza, ndipo ngongole yanga kwa mayi ili pomwepo, yosachepa ndi tambala yomwe. Chimene sindivomereza n'chakuti ndikasiya kupita Lamulungu, mayi apindulapo kanthu. Maola atatu amenewo sangandifikitse kumudzi. Angathere pa kugona ndi mpira wa pa TV. Ndipo pali china chimene ndinachedwa kuchiona. Ndisanayambe kugwirira agogo aja kachitini, mayi ndinkawauza kuti asiye dimba, apume, ndiwo ndizigula ine. Ndinkayesa chikondi. Sindinkadziwa kuti ndikuwalanda chinthu chokhacho chimene chimawadzutsa m'mamawa.

Lamulungu lathali, nditachoka kudimba, ndinawaimbira. Ndinafunsa funso la alamu lija momwe linalili, kuti dimba akuthirira ndani. Anati pali mtsikana wa aneba amene amawatungira madzi akaweruka kusukulu, ndipo amayi a Mvano anabwera kudzawapalirira sabata yatha. Kuokera ndi kutsina nsonga salola munthu. Kenako ndinawauza za kumene ndimapita, zimene ndinali ndisanawauzepo.

"Nanga nkhalambazo ana awo ali kuti?"

"Ali kutali, amayi."

Anakhala chete kanthawi, moti ndinayang'ana foni kuona ngati yaduka. Kenako anafunsa ngati matimatiwo agwidwa nsabwe. Nditati pang'ono, anati ndiwaze phulusa m'mamawa mame asanaume, ndipo ndiwasiye agogowo awaze okha.