Chizungu Chongoloweza

Makolo ambiri m'Malawi muno mukawafunsa ngati mwana wawo akuphunzira bwino, sayamba ndi masamu kapena sayansi. Amayamba ndi chizungu. Mwana akaweruka n'kufika pakhomo akupereka moni m'Chingerezi, mtima wa kholo umakhala m'malo, ndalama ya yunifolomu sinapite pachabe. Ine sindingawadzudzule makolo amenewa, chifukwa dziko lawo akulidziwa bwino. Wophunzira wa Fomu 4 atha kukhoza masamu, zaulimi ndi zina zonse, koma akagwa Chingerezi bungwe la MANEB silimupatsa satifiketi ya MSCE. Kalata yofunsira ntchito imalembedwa m'Chingerezi. Ngakhale malamulo oyendetsera dziko lino amati wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo azitha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti azitenga nawo mbali pa zokambirana. Ndiye mayi wogulitsa tomato pa Lizulu akamalakalaka kuti mwana wake adzathyakule chizungu, wawerengera bwino lomwe.

Ana aphunzire Chingerezi, ndipo achidziwe kuposa momwe akuchidziwira lero. Chimene ndikukana ine ndi bodza lomwe takhala tikunamizana, lakuti chilankhulochi chingamulowe chokha mwana akamangomva aphunzitsi akuphunzitsiramo maphunziro ena. Kwa mwana wa ku Ntchisi, ku Nsanje kapena ku Chitipa, Chingerezi n'chachilendo ngati Chifalansa. Kunyumba sachimva, kumjigo sachimva, pabwalo la mpira wachikulunga sachimva. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu pafupifupi 84 mwa 100 aliwonse amakhala kumidzi. Ana a anthu amenewa amakumana ndi Chingerezi pamalo amodzi okha, m'kalasi, kuchokera pakamwa pa munthu mmodzi, amene nayenso anachiphunzira mwa njira yomweyo.

Lowani m'kalasi ya Sitandade 5 pasukulu ya kumudzi nthawi ya sayansi. Ana akhala pansi mapewa kugundana, makope ali pamaondo. Aphunzitsi alemba notsi pabolodi zofotokoza momwe mbewu imamerera, awerenga mokweza, ana n'kubwereza onse pamodzi. Akawafunsa ngati amva, kalasi yonse ivomera m'Chingerezi ndi mawu amodzi. Kenaka afunsa funso lenileni. Zii. Ena ayang'ana pansi, ena akuluma zolembera. Aphunzitsi asuzumira kukhomo kuona ngati kukubwera alangizi, n'kutembenuka: "Chabwino, tinene chonchi. Chimanga mukadzala mvula isanagwe, chimatani?" Pomwepo manja ali m'mwamba, zala zikulira, aliyense akuti, "Ine aphunzitsi! Ine!" Ana amenewa amadzala chimanga chaka ndi chaka. Amadziwa mbewu yofumbwa ndi anankafumbwe, amadziwa chifukwa chopatulira, amadziwa kuti pamthunzi wa mango chimanga chimanyozoloka. Sayansi anali nayo kale m'mutu, ankasowa mawu basi. Koma mayeso a Sitandade 8 akadzafika, mapepala onse kupatula la Chichewa adzabwera m'Chingerezi, ndipo tsiku limenelo sipadzakhala wowatembenuzira.

Mwana akaona kuti kumva kwamukanika, amathawira ku kuloweza. N'chifukwa chake tili ndi ana otha kuwerenga ndime yonse mokweza osaphonya, koma mukawafunsa kuti nkhaniyo ikuti chiyani amangokuyang'anani. Mtsikana amene Loweruka amagulitsa mandasi n'kumabweza chenji osalakwitsa ngakhale kwacha imodzi, Lolemba amalephera samu yosavuta kuposa pamenepo, chifukwa funsolo lakulungidwa m'chiganizo chomwe sakuchimva. Timamulemba kuti masamu amamuvuta. Abwereza kalasi, abwerezanso, kenaka tingomva kuti wakwatiwa, ife n'kumati analibe mutu wa sukulu.

Mfundo za boma pankhaniyi zakhala zikudzandira kuyambira kale. Amishoni a ku Livingstonia, Blantyre ndi Nkhoma ankayamba ndi chilankhulo cha eni dera, Chingerezi n'kumabwera pambuyo kwa amene apitirira. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unakweza Chinyanja, n'kuchitcha Chichewa, kuti chikhale chilankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu ndi pawailesi. Koma mtsogoleri wa chipanicho, Kamuzu, pamisonkhano ankalankhula Chingerezi womasulira ali pambali, ndipo sukulu yake ya ku Mtunthama, yomwe inatsegulidwa mu 1981, inkaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki. Anthu si ana, anaona okha komwe kuli ulemu. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma lamulolo linayenda lokha, mabuku ndi maphunziro a aphunzitsi osalitsatira. Kenaka lamulo la zamaphunziro la 2013 linati chophunzitsiramo ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 nduna ya panthawiyo, a Lucious Kanyumba, analengeza kuti izi ziyambira ku Sitandade 1. Chaka chomwecho anzathu a ku Zambia ankalowera kwina, kuyamba kuphunzitsa makalasi anayi oyambirira m'zilankhulo za m'madera, Chinyanja chili momwemo. Kwathu kuno pepala linasintha, koma aphunzitsi anapitiriza zomwe ankachita kale, kulemba m'Chingerezi n'kufotokoza m'Chichewa, mobisa ngati akuba.

Ochirikiza kuyamba ndi Chingerezi amati m'mera m'poyamba, ndipo amaloza sukulu zapulayiveti za ku Blantyre ndi Lilongwe, komwe mwana wa zaka zisanu amalankhula chizungu chotulukira m'mphuno. Zoonadi amalankhula. Koma taonani moyo wa mwana ameneyo. M'kalasi mwake ndi owerengeka, aphunzitsi amamudziwa dzina. Akafika kunyumba pa kanema pali zidole zolankhula Chingerezi, pashelefu pali mabuku a nthano, bambo ndi mayi amamukalipira m'Chingerezi. Amachimva kuyambira m'mawa mpaka kukagona. Chimene chamuthandiza ndi zimenezo, osati chikalata cha ku unduna. Tikatenga lamulo lokhalo n'kukaliika pa kalasi ya ana opitirira 100, yokhala pansi pa mtengo, buku limodzi akulimbirana anthu asanu, tatengera chikopa chokha. Tisaiwalenso kuti kuchulukana kumeneku kuli ndi mbiri yake: sukulu yaulere itayamba mu 1994, ana a m'pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'kanthawi kochepa, ndipo boma linalemba aphunzitsi masauzande osaphunzitsidwa ntchito kuti atseke dzenjelo. Ena mwa ana amene anadutsa m'manja mwawo ndiwo ali kutsogolo kwa bolodi lero.

Nsima imayamba ndi phala. Wothira ufa wonse nthawi imodzi m'madzi osatentha sanafulumize chakudya, waphika mibulu. Kuwerenga munthu amaphunzira kamodzi kokha, ndipo amaphunzira msanga m'chilankhulo chimene amachimva. Chichewa chilinso ndi ubwino wakuti chimalembedwa momwe chimatchulidwira: mwana akagwira ba, be, bi, bo, bu ndi anzake, atha kuwerenga chikwangwani chilichonse cha pagolosale n'kumva zomwe chikunena. Chingerezi sichitero, chilembo chimodzi chimamveka mwina apa, mwina apo. Kumuyambitsa mwana pamenepo n'kumupatsa ntchito ziwiri zolemera nthawi imodzi, kuzindikira zilembo ndi kulota tanthauzo la mawu omwe sanawamvepo.

Izi si zongoganiza. Bungwe la UNESCO linanena kale mu 1953 kuti mwana amaphunzira bwino m'chilankhulo cha kwawo. Ku Nigeria, kuyambira 1970, akatswiri a pa yunivesite ya Ife motsogozedwa ndi Babs Fafunwa anayesa kuphunzitsa ana maphunziro onse m'Chiyoruba kwa zaka zisanu ndi chimodzi, Chingerezi n'kumaphunzitsidwa ngati phunziro palokha ndi aphunzitsi okonzekera ntchitoyo. Anawo anachita bwino kuposa anzawo amene anasinthira ku Chingerezi msanga, ndipo pa Chingerezi chenichenicho sanatsalire. Ndondomeko yathu yolimbikitsa kuwerenga, yomwe boma linayamba mu 2016 m'makalasi oyambirira, nayo inaika kuwerenga Chichewa patsogolo pambali pa Chingerezi. Ndiye kuti ku undunako akudziwa, kungoti dzanja lina likulemba, lina likufufuta.

Chodabwitsa n'chakuti Amalawi zilankhulo sizitivuta. Mnyamata amene anasiyira sukulu Sitandade 6 akapita ku Joni amabwerako akulankhula Chizulu. Amayi okaoda katundu ku Kariakoo amanenerera mitengo m'Chiswahili, osakhalapo pa desiki ya Chiswahili ngakhale tsiku limodzi. Amaphunzira chifukwa amalankhula, kulakwitsa, kusekedwa pang'ono, n'kulankhulanso. M'kalasi mwathu zinthu zili mozondoka. Mwana amakhala zaka zisanu ndi zitatu akukopera malamulo a galamala, koma mpata wotsegula pakamwa kunena chiganizo chakechake sapeza. Akayesa n'kuphonya, kalasi yonse kuli chikhakhali. Sukulu zina zimafika polanga mwana wogwidwa akulankhula Chichewa pabwalo, kumutchetchetsa udzu kapena kumukolopetsa. Chilango chotere sichinaphunzitsepo munthu Chingerezi, chimangomuphunzitsa kukhala chete aphunzitsi akamadutsa.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu atasiya sekondale chifukwa chosowa fizi m'nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anapeza buku lotchedwa Using Energy mu kalaibulale kakang'ono ka kwawo. Chingerezi chake chinali chochepa, choncho ankatsatira zithunzi, mawu n'kumawatola pambuyo, mpaka anamanga makina amphepo opanga magetsi. Chimene chinamukokera ku Chingerezi ndi chinthu chomwe ankafunitsitsa kudziwa, ndiponso buku lomwe akanatha kuligwira m'manja n'kukhala nalo. M'sukulu zambiri mabuku ochepa omwe alipo amatsekeredwa mu ofesi ya ahedi poopa kuti ang'ambika.

Pali chimodzi chomwe ife olankhula Chichewa timachedwa kuchivomera. Kwa mwana wa ku Karonga, ku Mangochi kapena ku Chikwawa amene kwawo amalankhula Chinkhonde, Chiyao kapena Chisena, Chichewa nachonso si cha pamsana pa mayi. Bala la 1968 silinapole kumpoto, ndipo ena amakonda Chingerezi chifukwa choti si cha mtundu uliwonse mwa ife. Ndikuwamvetsa. Koma yankho lake ndi kulemba mabuku oyambira m'zilankhulo zimenezo, ntchito yomwe akatswiri athu a zilankhulo ku Zomba angaigwire atapatsidwa ndalama. Kuwasokoneza ana onse mofanana si chilungamo.

Chingerezi chiphunzitsidwe tsiku lililonse kuyambira Sitandade 1, koma ngati chilankhulo chachilendo, kuyamba ndi khutu ndi pakamwa: nyimbo, masewero, kufunsana mayina, kutumana zinthu, cholembera n'kubwera pambuyo. Pasukulu iliyonse pakhale aphunzitsi osulidwa mwapadera pa ntchito imeneyi, m'malo moyembekezera kuti aliyense wogwira choko ndi katswiri wa chizungu. Masamu ndi sayansi zipitirire m'chilankhulo chomwe ana akumva, Chingerezi chizilowamo pang'onopang'ono mpaka Sitandade 8, ndipo mphunzitsi wofotokoza m'zilankhulo ziwiri asamasuzumirenso kukhomo.

Zina mwa izi zifuna zaka ndi ndalama. Koma chilipo chimodzi chomwe a unduna ndi a MANEB angayambe nacho osadikira abwenzi akunja: mafunso a masamu ndi sayansi pa mayeso a Sitandade 8 asindikizidwe m'Chingerezi ndi m'Chichewa pa pepala limodzi, zilankhulo zina n'kutsatira. Yesani zimenezi ngakhale m'maboma awiri okha, mutiuze poyera kuti ana olephera masamu atsala angati.