KHUNKHA LA AMPHAWI M'LAMULO LA MUNDA

Pamene Mulungu anapatsa Aisraele malamulo ake kudzera mwa Mose, sanaiwale munda. M'buku la Levitiko, mutu 19, ndi m'buku la Deuteronomo, mutu 24, mwini munda aletsedwa kukolola mpaka m'mphepete mweni-mweni. Aletsedwanso kubwerera kukatola ngala zimene zagwa, kapena mtolo umene waiwalika. Zotsalazo nza mmphawi, mwana wamasiye, mkazi wamasiye ndi mlendo. Mau amenewa sali pakati pa malangizo amene munthu atsata akafuna, iai. Ali pakati pa malamulo a kukolola. Gawo la wanjala linalembedwa pamodzi ndi gawo la mlimi. Nchifukwa chake Rute, mkazi wamasiye wa ku Moabu, polowa m'munda wa Boazi ku Betelehemu, anapempha mwaulemu, inde, koma chimene anapemphacho lamulo linali litamsungira kale.

Mau akalewa ayenera kukumbukika chifukwa cha mkangano umene uli m'dziko la United States of America, kumene Maepiskopi ndi Akristu akhala akulankhulira anthu anjala kwa zaka zambiri. Kumeneko aphungu amapanga lamulo lalikulu la ulimi, lochedwa Farm Bill, kawiri-kawiri zikapita zaka zisanu. M'lamulomo muli za mitengo ya mbeu, za ngongole za alimi ndi za kusamala nthaka. Koma mlendo akalitsegula adzadabwa, pakuti mutu waukulu koposa suli wa alimi: uli wa chakudya cha amphawi. M'lamulo la 2018, pa madola anai alionse, atatu anali a chakudya chimenechi.

Chiyambi chake nchomvetsa chisoni. M'chaka cha 1933 chuma cha dzikolo chinali chitagwa. Alimi anali ndi zokolola zambiri zosowa wogula, pamene m'mizinda anthu osowa nchito anali kuima pa mizere kudikira buledi. Boma, pofuna kukweza mitengo, linagula nkhumba zokwana pafupi mamiliyoni 6, zambiri zazing'ono, ndi kuzipha. Nyama ina inagawidwa kwa osowa, koma yochuluka siinafike m'mbale ya munthu. Anthu anaipidwa kwambiri, ndipo chaka chomwecho boma linayamba kugula zotsala za alimi ndi kuzigawira anjala. Patapita zaka 28, Papa Yohane XXIII, m'kalata yake Mater et Magistra ya 1961, anaphunzitsa kuti kuononga zinthu zimene ena azisowa kuti akhale ndi moyo kutsutsana ndi chilungamo ndi umunthu womwe.

M'chaka cha 1939, mu mzinda wa Rochester, anayesa njira ina: mmphawi akagula zitupa za dola imodzi, boma linkamuonjezera zitupa zina za theka la dola, zogulira zakudya zimene zinachuluka kwa alimi. Njirayi inaleka m'1943, inayambanso m'1961, nisanduka lamulo m'1964. Kuyambira 1973 inalowa m'lamulo la ulimi, ndipo m'2008 inalandira dzina la SNAP. Zitupa zinatha, tsopano banja limalandira khadi logulira chakudya m'sitolo. M'chaka cha 2024 anthu pafupi mamiliyoni 42 ankadya ndi khadi limeneli mwezi uliwonse, munthu mmodzi kulandira ngati madola 6 pa tsiku.

Asaganize wina kuti aphungu anaphatikiza zinthu ziwirizi chifukwa anawerenga Levitiko. Anaziphatikiza chifukwa cha kuwerenga mavoti. Aphungu a kumidzi ngochepa, sangapambane okha. Aphungu a m'mizinda sasamala za mtengo wa tirigu, koma asamala za anthu ao anjala. Tsono anagwirizana: awa avomere za alimi, awo avomere za amphawi. Ndi pangano la ndale, losayera kweni-kweni. Komabe mwa pangano limeneli mlimi ndi wanjala akhala m'buku limodzi zaka zoposa 50. M'chaka cha 2013 nyumba imodzi ya aphungu inayesa kuwalekanitsa, nipanga lamulo la alimi okha, ndi kufuna kudula madola mabiliyoni 40 pa chakudya. Lamulo la 2014 linawabwezera pamodzi, ndipo anadula mabiliyoni 8.

Pali funso limene Akristu abwino amafunsa, ndipo siliyenera kunyozedwa. Kodi kudyetsa anjala si nchito ya Eklezia ndi ya anthu achifundo? Nanga boma lilowereranji? Akristu a ku America sanaleke nchito imeneyi: maparishi ali ndi nkhokwe za chakudya, a Catholic Charities ndi a bungwe la Vincent de Paul Woyera agawa tsiku ndi tsiku. Koma iwo omwe agawawo ndiwo ayamba kuchitira umboni kuti sangakwanitse. Bungwe la Feeding America, limene lisonkhanitsa nkhokwe zotere m'dziko lonselo, liwerenga kuti pa mbale imodzi imene nkhokwe zake zipereka, SNAP ipereka mbale 9. Chifundo cha munthu chili ndi nyengo zake: pa Khirisimasi chisefukira, pakati pa chaka chiphwa. Mimba ya mwana ilibe nyengo. Boazi anali munthu wachifundo ndithu, mpaka anauza anyamata ake kuti asololeko ngala m'mitolo ndi kumsiyira Rute mwadala. Koma ku Betelehemu minda yonse siinali ya Boazi. Lamulo linalembedwera mkazi wamasiye amene wagwera m'munda wa munthu wouma mtima.

Ena akumbutsa mau a Paulo Woyera kwa Atesalonika, onena za munthu wokana nchito, kuti asadyenso. Mauwo ngoona, ndipo Rute yemwe anawerama m'munda kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Koma Paulo anena za wokana, osati za wolephera. Mwa anthu atatu alionse olandira SNAP, pafupi awiri ndi ana, okalamba kapena olumala. Ndipo mwa otsalawo ambiri agwira nchito, ena m'minda momwe ndi m'masitolo a zakudya, koma malipiro ao atha mwezi usanathe.

Chaka cha 2025 chinabweretsa nkhonya yaikulu, ndipo inadzera kunja kwa lamulo la ulimi. Pa 4 July, President Donald Trump anasaina lamulo la misonkho ndi ndalama za boma, limene ofesi yowerengera aphungu ndalama inati lidzachotsa madola pafupi mabiliyoni 186 pa SNAP kufikira 2034. Kale munthu wamkulu wopanda ana, wosapitirira zaka 54, akapanda kuonetsa maola 80 a nchito kapena maphunziro pa mwezi, ankalandira miyezi 3 yokha pa zaka zitatu. Lamulo latsopano linafikitsa malirewo pa zaka 64, niligwiranso makolo amene mwana wao wotsiriza wakwana zaka 14. Othawa nkhondo amene boma lomwelo linawalandira, koma asanapate chitupa chokhalira m'dzikomo mpaka kale-kale, anachotsedwa m'kaundula. Rute anali mlendo. M'munda umenewu akadabwezedwa pa chipata. Arkiepiskopi Timothy Broglio, amene pa nthawiyo anali kutsogolera Maepiskopi a dzikolo, ananena poyera kuti kudula kotere chikumbumtima sichingakuvomere.

Kulankhulira anjala kumeneku si kwa phokoso. Maepiskopi, pamodzi ndi a Catholic Charities, a Catholic Relief Services ndi a Catholic Rural Life, bungwe la alimi limene linayamba m'1923, amalembera makomiti a ulimi makalata, kupempha kuti chakudya cha amphawi chisadulidwe ndi kuti alimi ang'ono asaiwalike. Akristu wamba amalembera aphungu ao, ena amapita ku Washington kukagogoda pa zitseko za maofesi. Nchito yake njotopetsa, pakuti lamulo la 2018 linatha pa 30 September 2023, ndipo m'2023, m'2024 ndi m'2025 aphungu anangolionjezera masiku.

Akatekisiti pofotokoza zimenezi asaziyese za kutali. M'lamulo lomwelo muli mutu wina, wa Food for Peace, umene unayamba m'1954, wotumiza chakudya cha alimi a ku America ku maiko ena. Mwa mutu umenewu a Catholic Relief Services anatsogolera nchito ya UBALE m'maboma a Nsanje, Chikwawa ndi Blantyre kuyambira 2014 mpaka 2019. Bungwe la USAID, limene linkayendetsa Food for Peace, linatsekedwa m'2025. Kotero pa mapemphero a Lamulungu, potchula olamula maiko, akatekisiti atchulenso aphungu amene alemba lamulo la munda kutsidya la nyanja, ndi Akristu amene aima pa zitseko zao.