Kodi Wodziŵa Akakhala Chete Ali ndi Mlandu?

Funso lathu ndi ili: munthu akadziŵa chinthu chimene chingapulumutse mnzake, koma osamuuza, kodi wachimwa?

Taganizani za sitiroko, nthenda ija yakufa ziŵalo. Imagwira munthu pamene mtsempha wa magazi wa mu ubongo watsekeka kapena waphulika, ndipo kaŵirikaŵiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi. M'chaka cha 1998 madokotala a ku Britain anakonza njira yotchedwa FAST yozindikirira nthendayi: kamwa kupotokera mbali imodzi, mkono kufooka, mau kusamveka bwino, tsono chotsala ndicho kufulumira. Chaka ndi chaka pa 29 Okutobala anthu a m'maiko ambiri amakumbutsidwa zimenezi.

Komabe m'midzi mwathu wodwala amangogonekedwa m'nyumba, abale nkumafunsana kuti wamlodza ndani. Pamenepo ubongo ukuonongeka, ndipo nkhalamba yosalakwa yanamiziridwa ufiti.

Pa Ezekieli 33 Mulungu aika mlandu pa mlonda amene aona adani alinkudza koma osachenjeza anthu. Wosadziŵa sitingamdzudzule, koma ife amene tamva ndife alonda. Ena adzati, "Ntchito yathu ndi ya mzimu." Koma pa Marko 2 Ambuye wathu anakhululukira munthu wakufa ziŵalo machimo ake, namchiritsanso thupi.

Chotero phunzitsani ana zizindikiro zitatuzi, pakuti ndiwo amatsala ndi agogo pakhomo akulu ali kumunda. Akaziona aitane akulu msanga. Wodwalayo asamwetsedwe kapena kudyetsedwa kanthu, koma amtengere kuchipatala nthaŵi yomweyo. Pemphero lichitike m'njira.